Mlendo wa Achimwene Anga

Ana anga, kusekedwa ndatopa nako. Chaka chilichonse ovina malipenga a ku Cobue, kutsidya ku Mozambique, akamafika kuno ku Khuyu, pa chilumba cha Likoma, mumandiona ndikutuluka m'nyumba mwanga ndi sutikesi, kutsikira kudooko, n'kukaima pamzere wa alendo ngati munthu wochokera kutali, chonsecho nyumba yanga ili pompa. Mdzukulu wina anafika ponena kuti agogo mutu wayamba kuzungulira. Sunazungulire ayi. Werengani apa, mudziwe komwe zinachokera.

1988: Ku Mbungo

Nditachoka ku koleji, ntchito yoyamba ndinaiyambira pasukulu ya pulaimale ku Mbungo. Ndinkayenda wapansi kuchokera kwathu ku Khuyu, nsapato m'manja, n'kuzivala ndikaona denga la sukulu. Nthawi imeneyo kutsidya, ku Mozambique, kunali nkhondo, ndipo anthu ankawoloka m'mabwato ndi ana, mbuzi ndi mphasa zawo. Ana awowo anadzaza kalasi yanga mpaka pakhomo. Chinyanja chawo ndi chathu n'chimodzi, koma ukawafunsa masamu ankayankha m'Chipwitikizi, ine n'kutsala kukamwa yasa.

Panali bambo wina wamtali, wa ndevu zometa bwino, amene ankakonda kuima pawindo pamene ndikuphunzitsa. Tsiku lina zinandikwana, ndinatuluka.

"Pepani bambo, mwana wanu ndi uti m'kalasimu?"

"Ndilibe mwana muno," anatero. "Ndine mphunzitsi ngati inu nomwe. Dzina langa ndine Domingo. Sukulu yanga anaiotcha. Masiku ano ndimakokera anthu khoka, koma ndikamva ana akuyankhira pamodzi miyendo imandibweretsa yokha."

Manyazi anandigwira. Ndinawalowetsa, n'kuwapatsa mpando wanga. Kuyambira tsikulo iwo ankandithandiza masamu, ine ndinkawaphunzitsa Chingerezi madzulo, ndipo ubwenzi wathu unayambira pamenepo.

1995: Kuwoloka

Nkhondo itatha anthu aja anabwerera kwawo, ndipo kalasi yanga inatsala ndi mabenchi opanda anthu. Patapita nthawi a Domingo anatulukira pakhomo panga atavala tayi. Mpingo wa kwawo unali utawapatsa udindo wotsegulanso sukulu ku Cobue, ndipo makolo anawatuma kuti akatenge mphunzitsi wa ku Mbungo uja, ana asaiwale Chingerezi chomwe anayamba. Mayi anu ndi ine tinakambirana sabata yathunthu. Pomaliza anati, "Pitani. Mukakhala, muzingoyang'ana kutsidya ngati mbuzi yomangidwa, ndipo ine sindifuna kukhala ndi mbuzi m'nyumba."

Vuto linali achimwene anga, a Banaba, bambo anu aakulu. Muyenera kudziwa kuti bambo athu atamwalira, a Banaba anasiya sukulu n'kulowa m'bwato kuti ine ndiphunzire. Bambo anawasiyira zinthu ziwiri. China chinali wezulo, chifukwa bambo ndi amene anali adijitanti wa boma la ku Khuyu. Ndikunena boma lovina malipenga, osati la ku Lilongwe, ndipo adijitanti ndi uja amaimba wezulo n'kuwongola mizere ya ovina. Chinacho chinali simbi yamakala yokhala ndi katambala pamwamba, imene bambo ankasitira yunifolomu yawo yovinira. Simbi imeneyo palibe ankaikhudza, ngakhale alamu anga.

Ndinawapeza pakhonde akusoka ukonde. Ndinafotokoza zonse mwaulemu, nditakhala pansi. Sanandiyang'ane n'komwe.

"Petulo, ine ndinapsa ndi dzuwa panyanja kuti iwe ukaphunzitse ana a eni? Ana a pa Likoma atha?"

"Achimwene, pano aphunzitsi alipo. Uko kulibe ndi mmodzi yemwe."

"Ntchito ya penshoni ukuitaya. Mzere wako m'boma la bambo ako ukuusiya. Chabwino, mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, pita. Koma ukawoloka, phazi lako lisadzapondenso pakhonde pano."

Ndinkaganiza kuti ndi mkwiyo wa tsiku limodzi. Ha! Sindinkawadziwa achimwene anga. Ndinawoloka mtima uli phee ngati mwala, ndipo anzanga padooko ankandiseka kuti ndine munthu woyamba kupita kunja kwa dziko kumene akhoza kumva tambala wa kwawo akulira.

1996 mpaka 1998: Porofesolo

Kunja ndi kunja ndithu, ngakhale kukhale pafupi. Pasipoti ankadinda uku ndi uku. Kuchokera pakhomo la kanyumba kanga chilumba chathu ndinkachiona bwinobwino, ndipo kunja kukayera ndinkatha kuloza nsanja za tchalitchi chachikulu cha ku Chipyela. Koma mwera ukayamba kuwomba, nyanja ija inkasanduka mpanda, mwezi n'kutha osaona nkhope zanu. Zimenezo zinkandiwawa, sindibisa.

Sukulu inali makoma okhaokha, akuda ndi utsi, denga kulibe. Tinkaphunzira pansi pa mitengo ya mango, ndipo nyengo ya mango ikafika ndinkapikisana ndi zipatso, chifukwa bango likagwa kalasi yonse inkatha. Bolodi linali chitseko chakale chimene tinachipaka zakuda za m'mabatire titasakaniza ndi phala la chinangwa. Choko kunalibe. Tinkalembera makaka, chinangwa chouma chija, ndipo ndikatembenuka pang'ono ndinkapeza choko changa chalowa m'kamwa mwa wina. Mabuku a Chingerezi anali omwe ndinanyamula ndekha m'katoni. Koma a Domingo, amene tsopano anali bwana wanga, sankalola kuti umphawi ulowe m'zovala. "Denga tilibe, koma tayi tili naye," ankatero. Tsiku lina anandibweza kuti ndikapukute nsapato, ine munthu wamkulu wa ana atatu! Ndinakwiya mpaka masana, koma nsapatozo ndinapukuta.

Ana ankaimirira m'mawa n'kukuwa kuti, "Bondiya, sinyoro porofesolo!" Kumeneko mphunzitsi aliyense ndi porofesolo, ngakhale wolembera makaka. Zikondwerero zawo nazo ndinachita kuziphunzira ngati mwana. Chaka choyamba, pa 6 Julaye, ndinachapa zovala zanga zonse n'kukhala pakhonde ndi chitenje cha mayi anu, ndikumvera wailesi ya kwathu. Ndinangoona a Domingo atulukira, ana ali pambuyo pawo.

"A Petulo, mwadwala?"

"Ayi, lero ndi tsiku la ufulu."

"Ufulu wa ndani? Wathu tinavina kale mwezi watha. Valani, ana akudikira."

Ndinaphunzitsa ndi buluku lonyowa tsiku limenelo. Koma mu Okutobala anandibwezera, chifukwa kumeneko kuli tsiku la aphunzitsi, ndipo salichita mwachibwana. Ana anabwera akuimba, wina ndi mazira, wina nzimbe, wina usipa m'mbale, ena nkhuku zamoyo. Mayi wina amene ndinkaphunzitsa mwana wake ku Mbungo anandiveka nsalu paphewa n'kunena kuti, "Munatilandira kwanu, lero tikulandirani kwathu." Ndinalira pamaso pa ana, ndipo sindinachite nazo manyazi.

Kwathu kuno zinthu sizinasinthe. Ndikabwera kumapeto kwa mwezi ndinkadutsa kuseri kwa nyumba ya achimwene ngati wakuba. Ndikawatumizira shuga, shugayo ankabwerera. M'tchalitchi, ikafika nthawi yopatsana mtendere, ankagwira chanza aliyense pabenchi, koma akafika pa ine chifuwa chinkawagwira mwadzidzidzi, n'kuyamba kufunafuna kampango m'thumba. Inu munali aang'ono, munkalowa m'nyumba zonse ziwiri osadziwa kanthu. Ine ndinkagona ndi funso limodzi: kodi mmodzi wa ife adzaikidwa m'manda tisanalankhulane?

Chaka chachitatu a Domingo anaganiza zodzutsa boma la malipenga la ku Cobue, limene linafa ndi nkhondo. Ankafuna livine pa 25 Juni, tsiku lawo la ufulu. Ng'oma anasema zatsopano, zikho za malipenga anazipeza, koma anyamata anakulira m'misasa ya othawa nkhondo, phazi sankalidziwa. Ndinawaonerera tsiku limodzi, mtima unandipweteka. Mzere wokhota ngati njoka, wina akukweza mwendo wamanja, mnzake wamanzere! Ndinatulutsa wezulo wa sukulu m'thumba n'kunena kuti, "Imani, imani, mukuchititsa manyazi ng'oma." Basi, ndinadzipalira ndekha. A Domingo anakhala kingi, mkulu wa boma, ine anandiika adijitanti.

Khirisimasi ya 1999

Mbiri inawoloka nyanja kuti a ku Cobue ayambanso kuvina. Kingi wa ku Khuyu, mkulu wina amene ankakumbukira ubwenzi wa maboma awiriwa nkhondo isanayambe, anatumiza uthenga wotiitana kuti tidzavine tsiku lotsatira Khirisimasi. Anyamata anadumpha ndi chimwemwe. Ine ndinaganiza za achimwene.

Mwambo wake mumaudziwa, koma ndiulembe chifukwa cha adzukulu. Boma likabwera kudzacheza, alendo amaima pamzere padooko, aliyense ndi sutikesi yake. Eni mudzi amabwera kudzawatenga mmodzimmodzi, ndipo aliyense amatenga mnzake wa udindo wofanana naye. Kingi amatenga kingi, woimba ng'oma amatenga woimba ng'oma. Amakunyamulira sutikesi, kukupatsa madzi osamba, kukudyetsa, ndipo yunifolomu yako amakusitira yekha ndi manja ake. Mlendo akatsala padooko wopanda womutenga, boma lonse latukwanidwa, ndipo limakwera boti kubwerera osavina. Tsono adijitanti wa ku Cobue ndinali ine. Adijitanti wa ku Khuyu anali a Banaba.

A Domingo nkhaniyi ankaidziwa. Anandiitana pansi pa mango.

"A Petulo, palibe chokakamiza. Wezulo tikhoza kupatsa wina pa ulendo uno. Inu mudzapite kwanu mwakachetechete, mukadye Khirisimasi ndi ana."

Kunena zoona, mtima unafuna kuvomera pomwepo. Ndinapempha kuti ndikaganize, ndipo nditabwera kuno ndinawauza mayi anu. Iwo anali akusenda chinangwa, ndipo sanasiye n'komwe.

"Ndiye mudzaonerera muli kuseri kwa mlambe, anyamata anu akuvina ndi wezulo wa munthu wina? Mudzabisala mpaka liti, bambo a Agnesi? Khonde lija mwalizungulira mokwanira. Kaimeni padooko. Akakusiyani, tidzadziwa kuti basi, chibale chatha, tidzalira kamodzi n'kuiwala. Koma izi zomadutsa kuseri ine zandikola."

Ndinaopa zinthu ziwiri. Ndinaopa kuchititsa manyazi anyamata amene anagulitsa nsomba zawo kuti asoketse makabudula oyera. Koma koposa ndinaopa kumva yankho la achimwene pamaso pa mudzi wonse umene unandibala. Komabe ndinabwerera kwa a Domingo n'kuwauza kuti wezulo sindipereka.

Tinafika m'mawa, mvula itagwa usiku wonse, mchenga uli wonyowa. Padooko panali anthu osaneneka, amayi akuimba nthungululu. Tinatsika n'kuima pamzere. Kingi wa ku Khuyu anabwera, n'kugwira a Domingo chanza, n'kunyamula sutikesi yawo. Kenako inali nthawi ya adijitanti. Ndinayang'ana kutsogolo ngati msilikali. Palibe anabwera. Nthungululu zija zinayamba kuzilala. Kingi anayang'ana uku ndi uku, n'kukodola oimba ng'oma kuti apitirize, ndipo anzanga anayamba kutengedwa mmodzimmodzi, kumanja kwanga ndi kumanzere kwanga, mpaka pamchenga ponse ndinatsala ndekha ndi sutikesi pamapazi.

Kalanga ine! Ndaimapo pamaso pa oyendera sukulu aukali, koma thukuta ngati la tsiku limenelo sindinatulukepo. Anthu amene ndinasewera nawo ubwana ankayang'ana pansi. Mayi anu ndinawaona m'khamumo atagwira pakamwa. Mwambo suwalola kunditenga, ngakhale nyumba yathu inali poonekera. A Domingo anabwerera, n'kutenga sutikesi yawo m'manja mwa kingi mwaulemu, n'kukhala pamphepete pa boti.

"Pepani akuluakulu," anatero. "Ife tinabwera tonse. Wathu akatsala, tonse tatsala."

Anyamata athu anayamba kubwerera m'njira, masutikesi ali m'manja. Ndinati basi, zatha, ndawapha anthu ulendo. Ndinawerama kuti ndinyamule katundu wanga ndikakwere boti.

"Siyani pomwepo!"

Mawuwo ndinawadziwa ndisanatembenuke. Achimwene anali akutsika kanjira ka pakati pa milambe, mwachifatse ngati palibe chachitika, malaya osamanga mabatani, manja ali bii mpaka m'zigongono. Anthu anawapatukira. Anafika, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mlendo sanyamula katundu kuno ku Khuyu. Kwanuko sanakuuzeni?" Kenako anatembenukira kwa kingi. "Makala ananyowa ndi mvula. Ndimati ndisite ndi chiyani, ndi malovu?"

Anatola sutikesi ija, chogwirira chake n'kuda ndi makala, n'kuyamba kuyenda. Nthungululu zimene zinaphulika pamenepo, ana inu, anazimva mpaka ku Chipyela. Ine ndinayenda pambuyo pawo.

Titafika pakhomo pawo ndinaima pansi pa khonde. Phazi linakana lokha. Iwo anali atalowa kale, koma anasuzumira.

"Mukudikira belu? Kwerani."

Ndinakwera. Alamu anandipatsa madzi osamba akupukuta maso ndi nsonga ya chitenje, n'kundinong'oneza kuti, "Mudzi wonse auzungulira kupempha makala ouma. Koma musanamizidwe, alamu. Malaya aja avala n'kuvula, kuvala n'kuvula, mpaka ine ndinawauza kuti mukapanda kupita ndikupita ndine." Nditasamba ndinapeza tiyi ndi mpunga wa nkhuku patebulo, ndipo pakhonde achimwene anali atayala bulangete, simbi ya bambo ija ili pambali ikufuka, katambala kake kali chilili. Anatsegula sutikesi yanga, natulutsa kabudula woyera, namutambasula m'mwamba. Nkhope inakwinyika.

"Iwe Petulo, amakusitira ndani uko? Mwendo umodzi mizere iwiri? Ukufuna anthu anene kuti mwana wa bambo anga amavina ngati wagona m'bwato?"

"Ndimasita ndekha, achimwene. Ndimaika pansi pa mphasa n'kugonapo."

"Zikuoneka."

Anawaza madzi, n'kuyamba kusita pang'onopang'ono, monga ankachitira bambo. Ndinakhala pambali pawo, simbi ikulira pansalu. Patapita nthawi anafunsa osadzutsa mutu.

"Ana ajawo akuphunzira?"

"Akuphunzira. Ena ayamba kundikonza Chingerezi changa."

"Denga?"

"Tafolera mbali imodzi."

"Udzu wonse uli kutsidya uja, mbali imodzi? Ulesi basi." Anatembenuza kabudula. "Ndikadzabwera mu Juni ndidzaone mwamaliza."

Sitinapepesane. Kwathu kuno amuna a msinkhu wathu sadziwa zimenezo. Koma masana a tsikulo tinakumana pabwalo, iwo ndi wezulo wa bambo, ine ndi wa sukulu, ndipo tinavina mpaka fumbi linatuluka pa nthaka yonyowa. Amene anapambana musandifunse, chifukwa mpaka lero iwo amati a ku Khuyu, ine ndimati ife. Mu Juni anawolokadi, mwera uli pakati, n'kukhala mlendo wanga. Denga anapeza titamaliza. Anakhala kumbuyo kwa kalasi m'mawa wonse, manja atapinda, ndipo potuluka anangoti, "Bola umakweza mawu." Kwa a Banaba, kumeneko ndiko kuyamikira.

Lero

Ndinaphunzitsa ku Cobue mpaka maso atayamba kuvuta, ndipo ndinapuma ndili ndi choko chenicheni m'manja, m'kalasi ya malata. A Domingo anatisiya, Mulungu awasunge. Ana ena a pansi pa mango aja ndi aphunzitsi tsopano, ndipo akandiona pamsika ku Chipyela amakuwabe kuti porofesolo, anthu n'kumatembenuka kufuna kuona munthu wamkulu, n'kupeza ndine. Penshoni ya kuno ndinaitayadi, achimwene sananame, ndipo amandikumbutsa mwezi uliwonse. Wezulo ndinapatsa achinyamata, achimwene nawonso chimodzimodzi. Koma a ku Cobue sanandichotse pamzere wawo, ndipo a ku Khuyu sanapatse munthu wina ntchito yonditenga.

N'chifukwa chake ndimatsikira kudooko ndi sutikesi. Muli kabudula yemwe uja, ngakhale sandikwananso. Chaka chatha ndinaona mmene miyendo ikuwavutira, ndipo ndinawauza kuti, "Achimwene, chaka chino musavutike, ndibwera ndekha kunyumba." Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

"Unaonapo mlendo akudzibweretsa yekha? Pita ukaime padooko."

Ndinapita. Anzanga onse anatengedwa, ndinatsala ndekha pamchenga monga kale, inu muli apo mukuseka. Sekani, ana anga. Ine ndimaima pamenepo mtima uli m'malo, chifukwa ndikudziwa kuti kanjira ka pakati pa milambe kaja katulutsa nkhalamba ya ndodo, manja ali bii ndi makala. Amachedwa achimwene anga, koma amabwera.